Wofufuza Apolisi Acokere Kuti?

Mu January 1960, pamene Harold Macmillan, nduna yaikuru ya Britain, anafika ku Blantyre, apolisi analimbana ndi khamu la anthu pa Ryall's Hotel. Anyuzipepala a ku London anati apolisiwo anacita nkhanza. Woweruza Southworth, atamva mboni, anawapeza osalakwa, nadzudzula anyuzipepalawo.

Kufunsa wapolisi za ndodo yace nkwabwino ndithu. Koma Southworth anali woweruza wa m'Nyasaland momwemo, ndipo womenyedwa sakhulupira msanga mau a mnansi wa wommenya. Devlin, amene anacokera ku England mu 1959, anapeza kuti anthu anamenyedwa ndi nyumba zinatenthedwa popanda lamulo. Boma linakana zambiri za mau ace, koma linalephera kuwafafaniza.