Liwu Loti Mwayi m'Nkhani ya Isaac Fadoyebo, Msilikali Wolasidwa ku Burma

M'pepala lino tifuna kuunika kabuku kamene adalemba a Isaac Fadoyebo, mkulu wa ku Nigeria amene adatumikira ku Burma pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse. Kabukuka kadasindikizidwa m'chaka cha 1999 ndi nthambi ya maphunziro a za Africa pa yunivesite ya Wisconsin ku Madison, ndipo amene adakakonza ndi kukalembera mawu oyamba ndi katswiri wa mbiri yakale, David Killingray. Mutu wake ndi A Stroke of Unbelievable Luck, ndiye kuti mwayi wovuta kuukhulupirira. Pambali pake tiikapo buku la mtolankhani Barnaby Phillips lotchedwa Another Man's War, la m'chaka cha 2014, limene likusimba za munthu yemweyu. Funso lathu nali: kodi liwu loti mwayi lingathe kusenza zonse zimene zili m'kati mwa kabukuka? Ife tikuona kuti likupereŵera, ndipo kupereŵera kwakeko kukukhudza aliyense amene angafune kumasulira nkhani zotere m'ziyankhulo zathu.

Tiyambe ndi kufotokoza mwachidule zimene zidachitika. A Fadoyebo adabadwa m'chaka cha 1925 m'mudzi wa Emure-Ile, pafupi ndi Owo, m'dziko la Ayoruba. Adalembetsa usilikali mu Januwale 1942 ali ndi zaka 16 zokha, naphunzitsidwa ntchito yothandiza madokotala. Gulu lawo lidali chipatala choyenda chotchedwa 29th Casualty Clearing Station, cha m'gulu lalikulu la asilikali a ku West Africa la nambala 81, limene lidatumizidwa ku chigwa cha mtsinje wa Kaladan m'dera la Arakan. Ntchito ya chipatala chotere idali kulandira olasidwa kufupi ndi kumene nkhondo ikumenyedwa, kuŵapatsa chithandizo choyamba cha opaleshoni, ndi kuŵatumiza ku zipatala zazikulu za kumbuyo. M'maŵa wa pa 2 Malichi 1944, gululi lili m'mphepete mwa Kaladan, asilikali a ku Japan adayamba kuliombera kuchokera kutsidya. A Fadoyebo adalasidwa pathupi ndi pa mwendo wamanja, fupa la ntchafu nkuthyoka. Adapulumutsidwa mu Disembala chaka chomwecho, patapita miyezi 9.

Pamenepa ndi pamene pagona mphamvu ya kabukuka. Mnyamata amene adaphunzira kumanga mabala a anzake ndiye adagona pansi wopanda nsalu yomangira bala, wopanda mankhwala, ndiponso wopanda dokotala. Iye ankadziŵa bwino chimene chimafunika pa ntchafu yothyoka: kuuongola mwendo, kuumangirira ku chitsulo kuti mafupa asakhulane, ndi kutsuka bala tsiku ndi tsiku. Ankadziŵanso chimene chimachitika bala lotere likasiyidwa m'dziko lotentha ndi lamvula yambiri ngati Arakan. Woŵerenga amene wagwira mfundo imeneyi amakaŵerenga kabukuka ndi mantha ena, pakuti wodwalayo akuonerera thupi lake ndi maso a munthu wa kuchipatala. Mlembi safuula ndipo sadzimvera chisoni. Chingerezi chake ndi chodekha, chaulemu, cha munthu amene adakalambira pa ntchito ya mu ofesi ya boma ku Lagos. Ena angaone ngati kuuma kwa kalembedwe. Ife tikuti kudekhako ndiko kukupangitsa kuti timkhulupirire.

Komatu tikafunsa kuti munthuyu adakhala bwanji ndi moyo, yankho la kabuku komweka likutsutsana ndi mutu wake. Iye pamodzi ndi mnzake wolasidwa, David Kargbo wa ku Sierra Leone, ankadyetsedwa ndi anthu a m'mudzi wapafupi, Asilamu osauka a ku Arakan. Pambuyo pake mmodzi wa anthuwo, Shuyiman, adaŵatengera kunyumba kwake naŵabisa kumeneko miyezi ingapo, asilikali a ku Japan akuyendayenda m'deralo. Akadagwidwa, iye ndi banja lake akadaphedwa. Tsono taganizani za ntchito imene idalipo: kuphika mpunga wa anthu aŵiri oonjezera m'nyengo ya nkhondo, kutunga madzi, kusamala munthu wosatha kuimirira, ndi kutseka pakamwa pa ana ndi anansi kuti chinsinsi chisaululike. Mwayi umagwa kamodzi ngati mphezi. Izi zidachitika tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lililonse wina ankayenera kusankhanso kuti apitirize. Mlembi mwini wake sabisa zimenezi, ndipo kuthokoza kwake kwa Shuyiman ndi kwa Mulungu kukuoneka poyera. Mutu wokhawo ndiwo ukuphimba manja a anthu ameneŵa.

Anthu a ziyankhulo adzafuna kuona kuti zonsezi zidachitika pakati pa anthu osamvana chiyankhulo. Myoruba, munthu wa ku Sierra Leone ndi mlimi wa ku Arakan ankamvana ndi manja, ndi timawu tochepa totola apa ndi apo, ndiponso ndi chipembedzo, popeza alendo aŵiriwo, ngakhale adali Akhristu, adadzionetsa ngati Asilamu kuti alandiridwe. Tikadakonda mlembi akadakhalitsa pa mfundo imeneyi, natiuza mawu oyamba amene adaphunzira ndi m'mene adaŵaphunzirira, koma iye akuthamangira ku zochitika.

Pali chinanso chimene liwu loti mwayi limabisa. Akuluakulu amati tsoka sasimba, ndipo pa nkhondo mwambiwu umakhala woona kwenikweni, chifukwa watsokayo sabwerako. M'maŵa uja pa Kaladan padafa anthu, akuda ndi oyera omwe. Dokotala wina wa gululo, Kaputeni Richard Brown, amene adayesa kuthandiza olasidwa, adagwidwa ndi adaniwo ndipo sadaonekenso. Asilikali a ku Africa amene adatumikira pa nkhondo ya ku Burma adali pafupifupi 100,000, koma amene adalemba okha nkhani zawo ndi oŵerengeka. Motero tikamaŵerenga wopulumuka mmodziyu, tisaganize kuti tamva za onse.

Nanga bala lija lidatha liti? Atapulumutsidwa, madokotala adachita opaleshoni mwendowo nachotsa fupa la pa bondo, ndipo a Fadoyebo adatsimphina moyo wawo wonse, zaka 68 kuchokera tsiku lolasidwa kufikira imfa yawo mu Novembala 2012. Kabuku kawo kadakhazikika pa miyezi ya ku Burma. Za zaka zambirimbiri zokhala ndi mwendo wolumala, kukwera nawo basi, kupita nawo kuntchito, kukalamba nawo, tikumva zochepa. Apa mpamene buku la Phillips likutithandiza. Iye adaipeza nkhaniyi m'nyumba yosungira mabuku ya Imperial War Museum ku London, adakaŵafunafuna a Fadoyebo ku Lagos, nacheza nawo ali nkhalamba, ndipo m'buku lake timaona thupi lokalambalo. Cholakwika cha Phillips nchakuti m'chigawo chachiŵiri cha buku lake akutambasula kwambiri mbiri ya ndale za Nigeria ndi za Burma, kotero kuti nthaŵi zina mkuluyo amasoŵa m'buku lonena za iye yemwe.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife a kuno kummwera. Asilikali a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia adali m'gulu lalikulu la East Africa la nambala 11, limene lidatsika ndi chigwa cha Kabaw m'dzinja la 1944, pakati pa matope ndi malungo, kufikira ku mtsinje wa Chindwin. M'magulu awo chiyankhulo cholamulira chidali Chinyanja. Atabwerako, mphotho yawo idaŵerengedwa potsata khungu: zikalata zimene zidaululidwa m'chaka cha 2019 zidaonetsa kuti m'magulu a East Africa msilikali wamba woyera ankalandira mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene wakuda waudindo womwewo ankalandira mashilingi 3 ndi theka. Ena mwa iwo adakalambira m'nyumba za asilikali akale ku Zomba. Melvin Page, pokonza buku lake la The Chiwaya War, adacheza ndi okalamba a ku Malaŵi amene adaona Nkhondo Yoyamba, ndipo adachita zimenezi m'zaka za m'ma 1970 iwo akali moyo. Ntchito yake ndi yamtengo wapatali, koma woŵerenga amaŵamva okalambawo m'Chingerezi, monga m'mene timaŵamvera a Fadoyebo m'Chingerezi m'malo mwa Chiyoruba.

Womasulira kabukuka m'Chicheŵa adzakumana ndi zosankha zimene mlembi sadakumane nazo. Ife timasiyanitsa bala, chilonda ndi chipsera: bala ndi la tsiku lolasidwa, chilonda ndi chimene chakhalitsa ndi kunyeka, chipsera ndi chotsala. Womasulira adzayenera kuŵeruza tsamba limene bala la a Fadoyebo lidasanduka chilonda, ndipo poŵeruzapo adzakhala akumasulira nthenda yeniyeniyo. Tilinso ndi kuŵaŵa, kupweteka, kulasa, kuphwanya m'thupi ndi kuchita dzanzi, ndipo lililonse lili ndi malo ake m'miyezi 9 ija. Pa mutu ndiye pali ntchito yaikulu. Akalemba kuti mphumi, ndiye kuti munthuyu adabadwa nawo. Akalemba kuti chisomo, wapereka zonse kwa Mulungu, zimene mlembi mwina akadavomera. Akalemba kuti chifundo, waloza kwa Shuyiman. Ife tikadasankha lachitatuli, ngakhale tikudziŵa kuti potero womasulira akhala atamukonza mlembi, ndipo ena mwa inu mudzati alibe ufulu wotero.

M'chaka cha 2011 Phillips, akukonza filimu ya Al Jazeera yotchedwa Burma Boy, adapita ku Arakan, kumene lero kukutchedwa Rakhine m'dziko la Myanmar, atanyamula kalata yothokoza yochokera kwa a Fadoyebo. Shuyiman adali atamwalira kale, koma Phillips adaŵapeza a m'banja lake, ndipo iwo ankaikumbukira nkhani ya alendo aŵiri akuda aja. Chaka chotsatira kudabuka ziwawa ku Rakhine zimene zidasamutsa Asilamu ambiri a m'deralo, ndipo m'chaka cha 2017 Arohingya opitirira 700,000 adathaŵira ku Bangladesh.