LILIME LA ALI, MKONO WA FRAZIER

Pamsonkhano wathu wapitawu mnzathu wina anatiwerengera ndakatulo yake yotamanda Muhammad Ali. Tonse tinawomba m'manja, inenso ndinawomba nawo, pakuti ndakatuloyo inali yolukidwa bwino ndithu. Koma pobwerera kuchipinda kwanga mtima sunali m'malo. M'ndime zonse zisanu ndi imodzi Joe Frazier anatchulidwa kamodzi kokha, ndipo pomutchulapo mlakatuli anamuyesa chilombo chija cha m'nthano, chimene mnyamata wolimba mtima ayenera kugwetsa kuti nthano ithe bwino. Tinakangana za kamvekedwe ka mizere, tinakangana za zifanifani, koma za chilombocho palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa. Funsolo ndilifunsa pano, ngakhale mochedwa, ndipo ndikulifunsa kwa tonsefe amene ntchito yathu ndi mawu.

Mlandu wanga ndi uwu. Amuna awiriwa anamenyana katatu, maraundi 41 onse pamodzi, ndipo m'bwalo la nkhonya panalibe amene anali mwana kwa mnzake. Koma panali ndewu ina yachinayi, ya pakamwa, imene Ali anaimenya yekha popeza mnzakeyo analibe lilime lomubwezera. Ife alembi timakonda munthu wodziwa kulankhula chifukwa amatigwirira theka la ntchito. Motero tinatenga chigamulo cha ndewu ya pakamwayo n'kuchitcha mbiri.

Ndinene msanga kuti sindikufuna kumulanda Ali chilichonse chimene chili chake. Pa 25 February 1964 anagonjetsa Sonny Liston ali ndi zaka 22 zokha, natenga lamba wa dziko lonse wa ankhonya olemera kwambiri. Anataya dzina la Cassius Clay, ponena kuti linali dzina la ukapolo, ndipo m'chaka chomwecho, chimene ifenso tinalandira ufulu wodzilamulira, anayendera Ghana, Nigeria ndi Egypt, nakaonana ndi Kwame Nkrumah. Mu April 1967 anakana kulembedwa usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Anamulanda lamba, anamuletsa nkhonya, bwalo la milandu linamugamula zaka zisanu m'ndende. M'ndendemo sanalowe, pakuti Bwalo Lalikulu la ku America linafafaniza chigamulocho mu June 1971. Komabe anataya zaka zitatu ndi theka za mphamvu zake zenizeni. Munthu wotere ayenera ndakatulo, ngakhale khumi.

Nanga chilombo chija chinali yani? Joe Frazier anabadwa mu 1944 ku Beaufort, m'chigawo cha South Carolina, m'banja lalikulu la alimi osauka. Ali mwana anathamangitsidwa ndi nkhumba, nagwa n'kupweteka mkono wamanzere. Mkonowo unapola uli wokhota, ndipo ndi womwewo umene pambuyo pake unkagwetsa anthu ndi nkhonya yodzera chambali ngati chikwakwa. Anachoka kwawo ali ndi zaka 15, nakapeza ntchito ku Philadelphia pamalo opherapo ng'ombe, kumene ankayeserera nkhonya pa nyama zopachikidwa m'chipinda chozizira. Mu 1964 anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympics ku Tokyo chala chachikulu chili chothyoka. Mu February 1970, chiletso cha Ali chisanathe, anagonjetsa Jimmy Ellis natenga lamba. M'zaka zomwezo za chiletso Frazier anathandiza Ali ndi ndalama, nakapempha ngakhale kwa Pulezidenti Richard Nixon kuti munthuyo aloledwe kubwerera m'bwalo. Ena amati anatero podziwa kuti lamba wakeyo sadzalemekezeka kufikira atakumana ndi mwini wake wakale. N'kutheka ndithu, komabe ndalama zija zinalowa m'thumba la Ali.

Tsono malipiro ake anali otani? Itayandikira ndewu yawo yoyamba, Ali anayamba kumutcha Uncle Tom. Dzinali, lochokera m'buku la Harriet Beecher Stowe la 1852, pakati pa anthu akuda a ku America limatanthauza wakuda wogwadira azungu, wogulitsa abale ake. Taonani kupotoka kwa nkhaniyi. Ali anakulira mumzinda wa Louisville, bambo ake ali ndi luso lolemba zikwangwani. Frazier anakulira m'munda. Mphunzitsi wa Ali, Angelo Dundee, anali mzungu. Aphunzitsi a Frazier, Yank Durham ndi Eddie Futch, anali akuda. Inde, ndalama zoyendetsera ntchito ya Frazier zinkachokera ku gulu la amalonda lotchedwa Cloverlay, ambiri a iwo azungu. Koma nayenso Ali anayamba ndi ndalama za azungu olemera 11 a ku Louisville. Zonsezi zinali zodziwika. Koma dzina lija linamata ngati ulimbo, kotero kuti ana a Frazier ankatonzedwa nalo kusukulu.

Pa 8 March 1971 awiriwa anakumana ku Madison Square Garden, mumzinda wa New York, onse asanagonjepo chiyambire kumenyera ndalama, aliyense atalonjezedwa madola 2.5 miliyoni. Frazier anayenda chakutsogolo maraundi onse 15, mutu uli pansi, kulandira nkhonya ziwiri kapena zitatu kuti aponye imodzi. Mu raundi yomaliza mkono wokhota uja unapeza chibwano cha Ali, ndipo Ali anagwa chagada. Anadzuka msanga, chimene chili chozizwitsa pachokha, koma oweruza onse atatu anapereka chipambano kwa Frazier. Usiku umenewo unali wa Frazier, palibe kukayika. Koma tafunsani anzanu khumi pasukulu pano kuti anapambana ndani pa ndewu imeneyi, mumve mayankho ake.

Mu January 1974, Frazier atataya kale lamba kwa George Foreman ku Kingston, awiriwa anakumananso ndipo Ali anapambana pa mapointi. Masiku ochepa ndewuyo isanachitike anagwetsana pansi pamaso pa makamera a wailesi yakanema, Ali atamutcha mbuli. Koma chipongwe chachikulu chinadza mu 1975, pokonzekera ndewu ya ku Manila. Ali anatulutsa m'thumba kachidole ka gorila kamphira, namakamenya pamaso pa atolankhani, akunena kuti ndiye Frazier ameneyo. Analukanso timizere tofanizira mnzakeyo ndi nyamayo. Atolankhani anaseka, nalemba. Apa ndipo ndikupempha kuti ife a kuno tiime pang'ono. Kufanizira munthu wakuda ndi nyani, kuseka mphuno yake ndi kalankhulidwe kake, si nthabwala yatsopano kwa ife. Ndi chitonzo chomwe chija chimene agogo athu anachimva m'masiku a atsamunda. Ali, amene anatiphunzitsa kunyadira khungu lathu, anatola mkondo umenewu n'kulasa nawo munthu wakuda kuposa iye mwini. Ndipo poti timizere tija tinali tokoma m'khutu, takumbukika kufikira lero. Kukoma kwa mzere sikuchotsa ululu wake ayi. Kumangouthandiza kuyenda mtunda wautali.

Ndewu yeniyeniyo inachitika pa 1 October 1975 m'nyumba ya Araneta Coliseum, Pulezidenti Ferdinand Marcos ali pomwepo. Inayamba chakum'mawa kuti anthu a ku America aionere madzulo kwawo, ndipo m'nyumbamo munatentha ngati m'ng'anjo. Ali anayamba bwino, Frazier analamulira maraundi a pakati ndi nkhonya za m'nthiti, Ali anabwereranso mwamphamvu kumapeto. Pofika raundi ya 14 nkhope ya Frazier inali itatupa kotero kuti nkhonya sankazionanso, pakuti diso lake lamanzere linali lovuta kale kuyambira zaka za m'ma 1960, chinsinsi chimene anachibisa nthawi yaitali. Eddie Futch, mkulu amene anali ataonapo anthu akufa ndi nkhonya, anakana kumulola kuti adzuke pa raundi ya 15. Frazier anachonderera, koma Futch sanasunthike. Ali mwini wake ananena pambuyo pake kuti sanayandikirepo imfa chotero, ndi kuti kupatula iye yekha panalibe wankhonya wina woposa Frazier. Anaitanitsanso Marvis, mwana wa Frazier, namutuma kuti akamupepesere kwa bambo ake; Frazier anafunsa chifukwa chimene sanabwere yekha. Ali anadziwa tsiku lomwelo kuti wakumana ndi munthu wolingana naye. Amene tinachedwa kudziwa ndife alembi.

Taonani mmene nkhaniyi yakambidwira. Norman Mailer analemba za ndewu ya 1971 m'magazini ya Life, nkhaniyo naitcha Ego, ndipo maso ake anali pa Ali wogonjayo kuposa pa munthu amene anapambana. Buku lake lotchuka, The Fight, la 1975, ndi la ndewu ya Ali ndi Foreman ku Kinshasa. Filimu ya Leon Gast, When We Were Kings, ya 1996, ndi ya ku Kinshasa. Filimu ya Michael Mann, Ali, ya 2001, imathera ku Kinshasa komweko mu 1974, kutatsala chaka chimodzi kuti kachidole kaja katuluke m'thumba. Onsewa anadziwa potsekera nthano kuti ngwazi ituluke yopanda banga. Chowawa koposa ndi filimu ya Rocky, ya 1976. Mmenemo munthu wa ku Philadelphia woyeserera nkhonya pa nyama zopachika ndi mzungu wongopekedwa ndi Sylvester Stallone. Chiboliboli cha munthu wopekayo chaima mumzindamo kuyambira zaka za m'ma 1980. Cha Frazier chinaimikidwa mu 2015, mwini wake atagona m'manda pafupifupi zaka zinayi.

Alipo amene anayesa kuwongola zinthu. Mark Kram, mtolankhani amene analipo ku Manila, analemba Ghosts of Manila mu 2001, ndipo John Dower anapanga filimu ya Thrilla in Manila mu 2008, mmene timaona Frazier wokalamba akukhala m'kachipinda pamalo ake ophunzitsirapo nkhonya ku North Broad Street. Ntchito ziwirizi n'zofunika zedi. Koma Kram anagwa m'mbuna yomweyo podzera mbali ina: pofuna kukweza Frazier anachepetsa Ali mpaka kumuyesa chidole cha atsogoleri a Nation of Islam, ngati kuti zaka zitatu ndi theka zija anazitaya munthu wina. Kusinthanitsa malo a ngwazi ndi a chilombo sikusintha nthano. Frazier sanali woyera mtima. Kwa zaka zambiri anaumirira kumutcha mnzakeyo Clay, akudziwa bwino lomwe kuti dzinalo linkamupweteka. Ali atapezeka ndi matenda a Parkinson mu 1984, Frazier ankadzitama kuti ndi ntchito ya manja ake. Ndipo Ali atayatsa moto wa Olympics ku Atlanta mu 1996, manja akunjenjemera, Frazier anati akanakonda kumukankhira m'motomo. Ndi mawu oipa kwabasi, ndipo wolemba sayenera kuwabisa. Koma ayeneranso kufunsa kumene chiphe chotere chinachokera, ndi chifukwa chimene chinakhalira zaka zoposa 20 osasukuluka.

Omuikira kumbuyo Ali amati zonsezo zinali zongoitanira malonda, kuti matikiti agulidwe. Ali yemwe ananena zomwezo mu 2001, popepesa kudzera m'nyuzipepala ya New York Times. Ndikhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo pamenepa ndi pamene pagona phunziro lathu. Wolankhulayo ankasewera, womverayo ankachucha magazi. Kutupa kwa ku Manila kunaphwa m'masabata ochepa, koma chitonzo cha gorila chinam'dya Frazier kufikira ukalamba wake. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo wa Ali unatsata onse awiri. Ifenso pamsonkhano wathu timaweruza mzere ndi khutu lokha, osafunsa kuti ukatuluka m'chipinda chino ukagwera pamutu pa yani.

Tsono kwa inu mnzanga mlakatuli ndikuti: ndime zisanu zija zisiyeni mmene zilili, n'zabwino. Ya chilombo yokha ndiyo mukailembenso, ndipo mudzaona kuti Ali wanuyo akula nayo, pakuti kukula kwa wankhonya timakuyesa ndi amene anaima naye m'bwalo. Ngati mukusowa poyambira, nayi nkhani. Frazier anamwalira pa 7 November 2011 ndi khansa ya m'chiwindi. Ku maliro ake ku Philadelphia kunafika Ali, wofooka, womayenda mogwiriziza. Mbusa Jesse Jackson atapempha anthu kuti aimirire ndi kumuwombera m'manja malemuyo, Ali anaimirira nawomba nawo mwamphamvu. Pa nthawiyo matenda anali atamulanda kale lilime lija. Chimene chinamutsalira anali manja. Iye anatsatira mnzakeyo pa 3 June 2016. Ndime imeneyo ndidzayembekeza kuimva pamsonkhano ukudzawu, ndipo ngati mwaona kuti ndalakwa, masamba a magazini ino ndi otseguka kwa inunso.