Amartya Sen ndi Njala ya m'Makomboni

Amartya Sen, mphunzitsi wa za cuma ndi za nzeru zakuya, anabadwa m'caka ca 1933 ku Santiniketan, m'dera la Bengal ku India. Ali mnyamata wa zaka 9 anaona ndi maso ace njala ya 1943, imene inapha anthu oposa 2,000,000. Cimene cinamzizwitsa ndi cakuti pa abale ace ndi anzace a pasukulu panalibe ndi mmodzi yemwe wogona ndi njala. Amene anali kufa anali aganyu, asodzi ndi ena osauka.

M'buku lace la 1981, lochedwa Poverty and Famines, iye anatsutsa ganizo lakuti njala imadza kokha cifukwa ca kusowa kwa cakudya. Mwa kuwerenga kwace, cakudya ca mu 1943 cinaposa ca mu 1941, caka cimene kunalibe njala. Koma nkhondo inakweza mtengo wa mpunga, malipiro a aganyu natsala m'mbuyo. Munthu angathe kufa ataima pakhomo pa sitolo yodzala.

Mau awa safuna womasulira ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George. Munthu wa m'komboni alibe munda ngakhale nkhokwe. Nkhokwe yace ndiyo ndalama imene waipeza tsiku lomwelo. Cimanga cingakhale cacuruka m'minda ya ku Mkushi, mai wogulitsa tomato pamsika amagulabe ufa wa m'timapepala, uja auchula pamela, wokwana nsima imodzi. M'mwezi wa June 1990 boma litakweza mtengo wa ufa koposa kawiri, cipolowe cinabuka m'Lusaka ndipo anthu oposa 20 anafa. Cinautsa anthuwo sicinali cilala, koma mtengo.

Ganizo lace laciwiri ndilo lofunika kuliyesa bwino. Sen, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1998, amati njala yaikulu siigwa m'dziko limene anthu amasankha okha atsogoleri ao, ndiponso manyuzipepala amalankhula mosaopa, pakuti boma loopa masankho silingakhale cete anthu alikufa. Muli coonadi m'menemo: cipolowe cija cinathandiza kutsegula njira ya masankho a zipani zambiri a mu 1991. Koma ku Malawi, kumene masankho otere anayamba mu 1994, njala ya 2002 inapha anthu ndithu, cimanga cosungidwa ndi boma citagulitsidwa.

Ndipo pali njala ina yosapfuula, imene Sen mwini anabvomereza kuti masankho sanaithetse ngakhale kwao ku India. Imeneyi ndiyo ya banja la ku Kalingalinga lodya kamodzi pa tsiku, ndi ya mwana wopinimbira amene sakwana msinkhu wa zaka zace. Palibe mtolankhani amabwera kudzaijambula, pakuti palibe maliro ambiri pa tsiku limodzi. Pa njala iyi buku lace lilongosola bwino gwero la nthenda, koma mankhwala amene iye awakhulupirira koposa agwira nchito mocedwa.