Chimanga cha mbewu sichikhala m'nkhokwe

Pa kampani yaikulu pali makina ena omwe ntchito yake ndi ya mlonda wa pachipata. Amasunga dzina la wantchito aliyense, mawu ake achinsinsi, ndi zitseko zomwe waloledwa kutsegula. Pa makina a Microsoft kaundula ameneyu amatchedwa Active Directory, ndipo maseva omwe amamusunga ndiwo ma domain controller. Mlonda ameneyu akagona, malipiro atha kukhala bwinobwino m'kompyuta, makalata a katundu ali pomwepo, koma palibe wolowa.

Amisiri analiona kale vutoli, ndipo yankho lawo ndi lokongola. Saika mlonda mmodzi. Amaika ambiri, m'mizinda yosiyanasiyana, ndipo aliyense amauza anzake chilichonse chomwe chasintha. Wina akasintha mawu achinsinsi ku Rotterdam, posakhalitsa seva ya ku Mumbai yadziwa. Imodzi ikapsa, zinazo zimapitiriza ngati palibe chachitika.

Maersk, kampani ya sitima zapamadzi ya ku Denmark, inali ndi alonda otere pafupifupi 150. Pa 27 June 2017 kachilombo ka NotPetya, komwe kanafalikira kudzera m'pulogalamu ya misonkho ya ku Ukraine yotchedwa M.E.Doc, kanawapha pafupifupi onse pakamodzi. Njira zomwe ankalankhulirana zija n'zomwe zinawaika pangozi imodzi. Unali ngati mudzi wa nkhokwe zambiri zogundizana, nankafumbwe n'kulowa.

Seva imodzi yokha ndiyo inapulumuka, ya ku ofesi ya ku Ghana. Magetsi anali atazima kumeneko kachilomboko kasanafike, choncho inali yosalumikizidwa. Ife ozolowera kudandaula za kuzimazima kwa magetsi tingaseke pang'ono apa. Intaneti ya kumeneko inali yochedwa kwambiri, ndipo antchito analibe ziphaso zolowera ku Britain, motero hard drive inanyamulidwa pamanja mpaka ku Nigeria, n'kuperekedwa kwa wantchito wina amene anapita nayo ku Maidenhead, ku Britain, komwe kunali gulu lokonza. Tcheyamani wa kampaniyo panthawiyo, Jim Hagemann Snabe, anadzanena pa msonkhano wa ku Davos mu 2018 kuti m'masiku 10 anaikanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000.

Umenewo unali mwayi. Mmisiri yemwe ndimamugomera ndi amene amaupanga mwayiwo ndi manja ake, dala, tsoka lisanagwe. Agogo ankatero ndi chimanga cha mbewu: ngala zabwino ankazimangirira pamwamba pa moto m'khitchini, kutali ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Mmisiriyu naye amatenga kope la kaundula n'kulisunga kumene netiweki sifika, kumene ngakhale mawu achinsinsi a bwana wamkulu wa makompyuta sangalifufute. Amadziwanso kuti mbewu imakalamba. Pa Active Directory ya masiku ano, kope lopitirira masiku 180 nthawi zambiri silibwezeretsedwa, chifukwa likhoza kudzutsa mayina omwe anafufutidwa kale.

Koma pomwe luso lake limaonekera kwambiri ndi pa funso looneka lachibwana: kodi kiyi wa nyumba sali m'nyumba momwemo? Makina osungira makope aja, munthu amalowamo ndi dzina liti? Ngati ndi dzina la m'kaundula wakufayo, basi mwadzitsekera kunja. Buku la malangizo nalo, ngati lili pa seva yofuna mawu achinsinsi, silingawerengedwe tsiku lomwe likufunika. N'chifukwa chake iye amalisindikiza papepala, ndipo amakonza akaunti imodzi kapena ziwiri zangozi zosadalira china chilichonse, mawu ake achinsinsi n'kuwamata m'envulopu, n'kutsekera m'sefa.

Ndiye pali ndondomeko ya kadzutsidwe, yomwe sifuna phuma. Amayamba ndi seva imodzi yokha, pa netiweki yakeyake yopatulidwa, kuti isatengerenso matenda. Amaipatsa maudindo apadera omwe anali ndi anzake akufa aja, omwe mu Active Directory alipo a mitundu 5. Amafufuta mayina a akufawo kuti isamawafunefune. Mawu achinsinsi a akaunti ya krbtgt, yomwe imadinda matikiti onse olowera, amawasintha kawiri, osati kamodzi, poti makinawo amakumbukirabe akale aja ndipo mbala yokhala ndi tikiti yabodza ingalowe nawo. Amayang'ananso wotchi. Kerberos, njira yotsimikizira anthu yomwe inapangidwa ku MIT m'ma 1980, imakana tikiti ngati mawotchi asiyana ndi mphindi zoposa 5. Kampani yonse ikhoza kuima chifukwa cha wotchi yotsalira, zonse zili bwino.

Zonsezi amaziyeserera. Loweruka lina anzake ali ku mpira, iye ali m'chipinda chozizira cha maseva ndi mnzake mmodzi amene sanalembe nawo bukulo. Amam'patsa mapepala, n'kukhala chete pambali, cholembera m'manja. Mnzakeyo akafika pa tsamba lachitatu n'kuima, n'kufunsa kuti kiyi wa sefa ali ndi ndani, iye sayankha. Amangolemba.