Mawu a Matenda a Maganizo m'Zolemba za Akatswiri

Akatswiri a za maganizo a anthu, omwe maphunziro awo amatchedwa sayikoloji, ali ndi mabungwe awo monga momwe alili madokotala ndi maloya. Mabungwe otere amafalitsa zolemba za mitundu iwiri. Pali magazini a kafukufuku, momwe nkhani imayamba yaunikidwa ndi akatswiri ena isanasindikizidwe. Palinso kalata ya bungwe, yomwe imalandira nkhani zifupizifupi kuchokera kwa membala aliyense wofuna kuuza anzake zomwe akukumana nazo pantchito. Chitsanzo cha kalata yotere m'chigawo chino ndi PsyTalk, yomwe lakhala likutulutsa bungwe la Psychological Society of South Africa, lokhazikitsidwa mu 1994.

Chiyankhulo cha zolemba zoterezi ndi Chingerezi, ndipo sitikudandaula nazo, pakuti akatswiri a maiko osiyanasiyana ayenera kumvana. Chotidandaulitsa n'chakuti katswiri wa kwathu kuno amatha tsiku lonse akumvetsera odwala m'Chichewa, koma akakhala pansi kuti alembere anzake, mawu onse omwe wamva aja amawasiya pakhomo ngati nsapato. Wodwala ananena kuti "maganizo andichulukira", kapena kuti "mtima wanga suli m'malo". Papepala pamangolembedwa liwu limodzi lakuti depression. Mwa njira imeneyi mawu a Chichewa a zovuta izi sakumana ndi diso la akatswiri, sakambidwa, sayesedwa. Amakumbukiridwa tsiku lomwe pafunika chikwangwani, pulogalamu ya pa wayilesi kapena mafunso ofunsa odwala, ndipo tsiku limenelo amasankhidwa mothamanga.

Sikuti ntchito yomasulira sinachitike. Mafunso 20 a bungwe la World Health Organization, otchedwa SRQ, anamasuliridwa m'Chichewa ndi kuyesedwa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, ndipo zotsatira zake anazifalitsa Robert Stewart ndi anzake mu 2009. Mafunso ena otchedwa PHQ-9 anayesedwa pakati pa odwala matenda a shuga, ndipo Michael Udedi ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza mu 2019. Iyi ndi ntchito yotamandika. Komabe mafunso otere amafunsa zizindikiro, monga tulo, chilakolako cha chakudya ndi kufooka. Dzina la matendawo limatsala likuyendayenda.

Tiyambe ndi mawu akuti matenda okhumudwa, omwe akumveka kawirikawiri. Mneni kukhumudwa, pachiyambi pake, amanena za phazi lomwe lagunda mwala kapena chitsa, ndipo tanthauzo la kuwawidwa mtima linabadwira pomwepo. Motero mawuwa amanyamula zinthu ziwiri: pali china chomwe chakukhumudwitsa, ndipo pakapita nthawi pang'ono udzuka n'kupitiriza ulendo. Mukauza mayi kuti mwana wake ali ndi matenda okhumudwa, funso lake loyamba likhala lakuti, "Wamukhumudwitsa ndani?" Akatero ayamba kusaka wolakwa m'banja, kusukulu kapena kwa anansi. Koma matenda omwe akatswiri akunena amazindikirika munthu akakhala masabata awiri kapena kuposerapo ali wosweka mtima, wopanda chidwi ndi zomwe ankazikonda, ndipo nthawi zina popanda chitsa chilichonse chomwe wagundapo. Kapangidwe ka mawuwa nakonso kali ndi chilema. Mfotokozi okhumudwa akugwirizana ndi dzina matenda, ngati kuti okhumudwawo ndi matendawo. Tikayesa kukonza potsata chitsanzo cha matenda oumitsa khosi, tipeza matenda okhumudwitsa, omwe ndi matenda ena aliwonse ogwetsa ulesi, kuyambira chimfine mpaka mphere.

Ena anasankha nkhawa, monga anachitira okonza pulogalamu ya achinyamata ya pa wayilesi yotchedwa Nkhawa Njee. Pa wayilesi dzinali linakoma, ndipo linachotsa mantha pankhani yomwe anthu ankaiopa. Koma m'zolemba za akatswiri nkhawa ili ndi mwini wake kale. Munthu wankhawa maso ake ali kutsogolo: akuopa ngongole, mayeso, zotsatira za kuchipatala, mtima ukuthamanga, sakukhazikika. Winayu maso ake ali pansi. Zakutsogolo alibe nazonso ntchito. Achipatala amasiyanitsa matenda awiriwa, ngakhale kawirikawiri amagwira munthu mmodzi. Tikapereka nkhawa kwa wachiwiriyu, woyambayo timutcha chiyani?

Liwu lakuti misala sitichedwapo. Limabweretsa chithunzi cha munthu wotola zinyalala pamsika, ndipo wolemba akaligwiritsa ntchito pa vuto lililonse la maganizo amathamangitsa owerenga omwe amafuna kuwathandiza. Mnyamata wosowa tulo chifukwa cha maganizo sangapite komwe akuti n'kwa amisala, kaya ndi ku chipatala cha ku Zomba kapena kwa a St John of God ku Mzuzu.

Anzathu a ku Zimbabwe anadzera njira ina. Iwo anatola liwu la Chishona lakuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, momwe odwala eni ake amalinenera, n'kulilemba m'zolemba zawo za Chingerezi osalimasulira. Linazolowereka mpaka linalowa m'buku la DSM-5 la bungwe la American Psychiatric Association mu 2013, ndipo ndi liwu lomwe agogo a ntchito ya Friendship Bench, yomwe anayambitsa Dixon Chibanda ku Harare, amayambira pocheza ndi wovutika. Akatswiri sanena kuti kufungisisa ndi depression ndi chinthu chimodzi ndendende. Amafotokoza pomwe ziwirizi zikumana ndi pomwe zisiyana. Chichewa chili ndi kuganiza kwambiri, kuvutika maganizo, kutaya mtima, kuthedwa nzeru, kusweka mtima. Mwa onsewa, ife tikuona kuti kuvutika maganizo ndiko kwayandikira, chifukwa sikuloza chala munthu ndiponso sikuchititsa manyazi, ngakhale kuti n'kotambalala kwambiri. Chofunika n'chakuti wina alembe momwe mayi wa ku Dedza amasiyanitsira mawuwa, winanso ayankhe ndi zomwe amamva ku Chipata kapena ku Angónia. Magazini a kafukufuku alibe malo a kukambirana kotereku. Kalata ya bungwe ili nawo, ndipo nkhani ya tsamba limodzi ikwanira. Chiwoza Bandawe anaonetsa m'buku lake la 2010, Practical uMunthu Psychology, kuti liwu lathu likhoza kukhala mutu wa nkhani ya Chingerezi popanda kulivula tanthauzo.

Dzina la ntchito yeniyeniyo nalonso silinakhazikike. Uphungu unazika mizu kudzera m'ntchito yoyeza magazi ya HIV, koma wopereka uphunguyo tikamutcha phungu, ambiri aganiza za Nyumba ya Malamulo. Mlangizi amatikumbutsa za ulimi ndi za kuchinamwali, komwe wamkulu amayankhula, wamng'ono n'kumangomvera; pamene katswiriyu ntchito yake yaikulu ndi kumvetsera.

Pa kalembedwe, timaona matenda a maganizo, matenda amaganizo ndi matenda a m'maganizo, nthawi zina zonse zitatu m'chikalata chimodzi. Timaonanso saikoloji ndi sayikoloji. Mkonzi wa kalata ayenera kusankha kalembedwe kamodzi ndi kuuza olemba ake asanatumize nkhani. Ife talemba sayikoloji potsata njira yomwe timalembera mayi ndi ayi, yoika y pakati pa a ndi i.