Luso lili mwa wogwetsedwayo

Mkangano uwu sutha m'nyumba zoonetsera kanema ku Chibanja, mumzinda wa Mzuzu. Masewero ogwetsana a WWE akangoyamba, anyamata amagawikana. Ena amalumbira kuti Roman Reigns ndi chiphona chosagwedezeka. Ena amati zonsezo n'zabodza, anthuwa ndi azisudzo chabe, sangakhale m'gulu limodzi ndi mnyamata wa Moyale Barracks amene amathamanga mphindi 90 pa Mzuzu Stadium, kapena ndi katswiri wa nkhonya ngati Isaac Chilemba.

Zoti wopambana amadziwika anthuwo asanalowe m'bwalo n'zoona. Kampani ya WWE, nthawi imeneyo ikutchedwa WWF, inavomera yokha mu 1989 pamaso pa aphungu a ku New Jersey, pofuna kuti bungwe la boma loyang'anira masewero lisiye kuilondalonda. Choncho Kofi Kingston, wobadwira ku Kumasi m'dziko la Ghana, atalanda lamba wamkulu kwa Daniel Bryan pa WrestleMania 35 mu April 2019, anali atagamula ndi akuluakulu a kampani. Koma chimene chinawafewetsa mtima akuluakuluwo ndi zaka 11 zimene Kofi anakhala akugwa ndi kudzuka, mpaka owonerera anafika pokuwa dzina lake osaleka.

Kugwako ndiye mutu wa luso lonseli, ndipo ambiri timakuphonya chifukwa maso athu amathamangira kwa wonyamula mnzake. Pansi pa bwalo lija pali matabwa oyalidwa pa zitsulo, pamwamba pake siponji yopyapyala ndi chinsalu. Wophunzira amayamba ndi kudzigwetsa chagada mobwerezabwereza: chibwano atachikanikiza pachifuwa kuti nkhongo isagunde pansi, mikono atatambasula n'kumenyetsa zikhato pa nthawi yomwe msana ukufika, kuti mphamvu ya kugwako imwazike thupi lonse. Akangochedwa pang'ono kutambasula, mpweya umathawa m'chifuwa. Tayang'anitsitsani RKO ya Randy Orton, imene ana amaikonda kwambiri. Orton amalumpha n'kugwira khosi, inde, koma wogwidwayo ndi amene amadziponya yekha chafufumimba, n'kutembenuza nkhope kuti mphuno isaphwanyike. Iyeyo akaopa kapena kuchedwa, RKO imaoneka yozizira ngakhale Orton achite bwanji.

Wankhonya amafuna kuti mnzake asadzuke. Wogwetsana wa mtundu uwu wanyamula munthu wamkulu wolemera ngati matumba awiri a chimanga, ndipo udindo wake ndi kumutsitsa mooneka mwankhanza koma mawa adzathe kugwiranso ntchito. Dzanja lina limakhala kuseri kwa khosi la mnzakeyo, kumuchinjiriza. Amanong'onezana chotsatira atakolekerana mitu pakona. Woyimbira naye ali ndi kachipangizo m'khutu kamene amamvera nthawi yotsala, ndipo wina akavulala zenizeni amapingasa mikono m'mwamba kuitana achipatala.

Zikalakwika, mtengo wake ndi wowawa. Pa SummerSlam ya mu 1997, Owen Hart anatsitsa Steve Austin chamutu, mutu utatsika kupitirira ntchafu zimene zinayenera kuuteteza. Austin anauma ziwalo kwa kanthawi ndipo khosilo linamuvutitsa mpaka anasiya masewerowa mu 2003. Darren Drozdov anaterereka m'manja mwa mnzake mu October 1999 ndipo anakhala pa njinga ya olumala mpaka imfa yake mu 2023. Munthu wonena kuti zonsezi n'zabodza ayambe walingalira za anthu awiriwa.

Ife a kumpoto kuno sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Wovina ingoma ku Mzimba amanyamula chishango ndi chibonga, amaponda pansi mpaka fumbi koboo, thukuta kamukamu, koma palibe amafunsa kuti wapha adani angati. Timamuyeza ndi kaponde kake, mpweya wake, ndi momwe akugwirizanirana ndi anzake pamzere. Ogwetsana a WWE tiwayeze ndi muyeso womwewo, ndipo tikatero tiona kuti nawonso ali ndi aluso ndi osatha. Wosatha ndi amene wagwetsedwa kuchokera pamwamba pa zingwe n'kudzuka pompo ngati palibe chachitika. Ameneyo wapha nkhani yonse. Waluso akamenyedwa bondo kumayambiriro, amatsimphina mwendo womwewo mpaka kumapeto, ndipo iwe woonera umayamba kumvera naye ululu. Ichi n'chimene ndimachilemekeza koposa, kuposa minofu ndi malipenga olowera m'bwalo.

Kurt Angle anapata mendulo yagolide pa masewero a Olimpiki ku Atlanta mu 1996, pa kugwetsana kwenikweni kwa mpikisano, khosi lili lovulala. Atalowa WWF anayambanso sukulu, poti kumene anachokera msana kukhudza pansi kunali kugonja, pamene kuno msana uyenera kuperekedwa mwadala tsiku ndi tsiku. Ngati katswiri wotere anafunika kuphunzira, ndiye kuti pali ntchito ya thupi yofuna maphunziro akeake. Kwa ine anthuwa ndi akatswiri a masewero a thupi ndithu, ngakhale kuti zimene amachita si mpikisano, ndipo lamba wawo sitingamuike pambali pa chikho cha ligi.

Chondidetsa nkhawa ndi ana amene amatuluka m'nyumba za kanema zija n'kukayesa RKO pa dothi louma la m'misewu ya Chibanja, pomwe palibe siponji, palibe wowaphunzitsa kugwa. Eni nyumba za kanema, makolo ndi achimwene awo, musawanamize anawa kuti ndi ndewu yeniyeni. Auzeni poyera kuti ogwetsana awiriwo anagwirizana, anaphunzira kwa zaka, ndipo aliyense akuteteza khosi la mnzake.