Waya wokhuthala wa mu ndime 810.21

Buku la malamulo a magetsi la ku United States, National Electrical Code, linatuluka koyamba mu 1897, ndipo bungwe la NFPA limalikonzanso zaka zitatu zilizonse. Article 810 ya bukuli imakhudzanso anthu olankhulana pa wailesi za CB ali pakhomo, zija za matchanelo 40 pa 27 MHz, zosaloledwa kupitirira mawati 4 pa AM. Mphamvu yochepa chonchi si imene ikuwadetsa nkhawa alembi. Akuopa mlongoti woima pamwamba pa denga, ndi nthambo yotsika kuchokera pa eriyo mpaka patebulo pamene munthu wagwira maikolofoni.

Ndime 810.21 ndi youma poiwerenga. Ikuti waya wochoka pa mlongoti kupita m'nthaka asachepere 10 AWG ngati ndi wa kopa, kutanthauza mamilimita pafupifupi 2.6 kukhuthala kwake, kapena 8 AWG ngati ndi wa aluminiyamu. Amumangirire bwino, amutchinjirize pamene angadulidwe. Kenako ikulamula kuti wayayo ayende mowongoka mmene kungathekere, osatchula mamita kapena kuchuluka kwa ngodya zololedwa. Apa alembi akuvomereza kuti nyumba sizifanana, koma chifukwa chake chilipo ndithu. Magetsi a mphezi amafika pachimake m'kanthawi kosakwana n'kuphethira komwe, ndipo magetsi othamanga chotere amakanika kukhota. Waya akapindika kwambiri kapena akatalika, mphamvu imaunjikana, n'kulumphira pa chitsulo china chilichonse chapafupi. Choncho munthu wozunguliza waya m'mbali mwa zenera kuti pakhoma paoneke bwino waphwanya cholinga cha ndimeyi, ngakhale atagula kopa woyenera.

Chiganizo cholemera kwambiri chili chakumapeto kwa ndimeyi. Ngati mwini wailesi wakhomera chitsulo chakechake m'nthaka, chosiyana ndi chija cha magetsi a m'nyumba, ziwirizo azilumikize ndi waya wa kopa wosachepera 6 AWG, mamilimita pafupifupi 4.1. Mu muyeso wa AWG nambala ikamatsika waya amakula, ndiye taonani zimene alembi achita: waya wolumikiza zitsulo ziwiri zapansi amupatsa thupi lalikulu kuposa wotsika pa mlongoti. Manambala okhawo akuulula pamene aika mtima.

Ambiri amaganiza kuti nthaka ndi imodzi, kuti chilichonse cholowa pansi chatha. Ndimeyi siikhulupirira nthaka motero. Mphezi ikagwa pafupi, dothi lozungulira chitsulo chimodzi limakwera mphamvu kuposa lozungulira chinzake, ndipo kusiyanako kumafuna njira. Popanda waya wokhuthala uja, njira yake ndi nthambo ya eriyo, wailesi, ndi mawaya a m'khoma, monga madzi osefukira amene akapeza ngalande yotsekeka amalowera pakhomo. Chitsulo chachiwiri chosalumikizidwa chingathe kuitanira ngozi m'chipinda chimene chinayenera kutetezedwa. Ine ndikuona kuti m'gawo lonseli mulibe chiganizo china chopulumutsa moyo kuposa ichi.

Ndime 810.58 ikusiyanitsanso waya woteteza ndi waya wongothandiza kuti wailesi igwire bwino ntchito. Woyambayo asachepere 10 AWG, wachiwiri 14 AWG ikwanira. Wokonda CB amadera nkhawa phokoso m'sipika ndi kutalika kumene mawu ake akufika, koma bukuli laika thupi la munthu patsogolo, mawu pambuyo. Za kachipangizo kotayira mphamvu pansi, ndime 810.20 ikuti kakhale pafupi ndi pamene nthambo ikulowera m'nyumba, kutali ndi zinthu zoyaka msanga.

Chimene ndikudandaula nacho n'chakuti ndimezi zimalamula osafotokoza chifukwa. Bukuli limanena lokha koyambirira kuti silinalembedwe kuti liphunzitse anthu osadziwa ntchitoyi, pamene eriyo ya CB kawirikawiri amaimika ndi mwini nyumba, Loweruka masana, ndi makwerero obwereka. Sililonjezanso kuti mphezi yogwera pa mlongoti penipeni siiwononga kanthu. Za kuteteza nyumba ku mphezi zili m'buku lina, NFPA 780. Inu amene muli ndi mlongoti padenga, itanani mmisiri wa magetsi aone ngati zitsulo zanu ziwiri zapansi n'zolumikizana, mvula isanayambe.